AL-KHWARIZMI: MSILAMU AMENE ANAPHUNZITSA DZIKO MASAMU

  Tikuthokoza Allah (S.W.T.) amene watipatsa moyo ndi mphamvu kufikira tamaliza kusala mwezi wolemekezeka wa Ramadan, ndipo tikumupempha kuti alandire swala zathu, sadaka zathu ndi kusala kwathu.

M'kabuku kano ife a komiti ya mzikiti taona kuti ndi bwino tikumbutsane za moyo wa munthu mmodzi amene anamwalira zaka zoposa 1,100 zapitazo, koma ntchito yake timaigwira m'manja tsiku ndi tsiku. Telala akamayeza nsalu, mayi akamawerengera chenje pa msika, mwana akamalemba masamu pa sukulu, ngakhale ife pamene timawerengera Zakaat, tonsefe tikudya thukuta la munthu ameneyu. Dzina lake ndi Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, Allah amuchitire chisoni.

KWAWO NDI NTHAWI YAKE

Al-Khwarizmi anabadwa cha m'ma 780. Dzina lakelo likutanthauza munthu wa ku Khwarazm, dera limene lili kumwera kwa nyanja ya Aral, kumene lero kuli maiko a Uzbekistan ndi Turkmenistan. Zili ngati m'mene ifenso timanenera kuti uje ndi wa ku Nkhotakota, uje ndi wa ku Mangochi. Kwawo kwa makolo ake kunali kutali ndi Makka ndi Madina, umboni wakuti nzeru m'Chisilamu sizinali za mtundu umodzi wokha ayi.

Ntchito yake anaigwirira mu mzinda wa Baghdad, ku Iraq. Mzinda umenewu anaumanga ndi Khalifa al-Mansur m'chaka cha 762, ndipo unakula mofulumira mpaka kukhala umodzi mwa mizinda ikuluikulu ya pa dziko lonse. Amalonda ndi anthu ophunzira ankafikako kuchokera ku Persia, India, Syria, Egypt ndi kwina. Luso lopanga mapepala, limene linayambira ku China, linafika ku Baghdad cha m'ma 790, kotero kuti mabuku anayamba kuchuluka ndi kutsika mtengo.

Khalifa al-Ma'mun, mwana wa Harun al-Rashid, analamulira kuyambira 813 mpaka 833, ndipo anali wokonda maphunziro zedi. M'nthawi yake munali nyumba ya mabuku yotchedwa Bayt al-Hikma, kutanthauza Nyumba ya Nzeru. Mabuku a Chigiriki, Chiperezi ndi Chiindiya ankamasuliridwa m'Chiarabu, ndipo pa ntchito imeneyi panali Asilamu, Akhristu ndi anthu a zipembedzo zina. Kumeneko ndi kumene al-Khwarizmi ankagwira ntchito monga katswiri wa masamu ndi wa kayendedwe ka dzuwa, mwezi ndi nyenyezi.

M'MENE ANTHU ANKALEMBERA MANAMBALA KALE

Kuti timvetse chimene munthuyu anachita, tiyambe taona m'mene zinthu zinalili. Aroma ankalemba manambala ndi zilembo zisanu ndi ziwiri: I ndi 1, V ndi 5, X ndi 10, L ndi 50, C ndi 100, D ndi 500, M ndi 1,000. Chilembo chaching'ono chikatsatira chachikulu timaphatikiza, monga VI amene ndi 6. Chikatsogola timachotsera, monga IV amene ndi 4.

Ife a ku Mzimba manambala amenewa si achilendo kwa ife. Paja mafumu athu timawawerenga motero: Inkosi ya Makosi M'mbelwa II, M'mbelwa III, M'mbelwa IV ndi M'mbelwa V. Timawaonanso pa mawotchi ena a pakhoma ndi pa mapepala a mayeso. Pa ntchito yondandalika maina ndi abwino ndithu. Koma tayesani kuwerengera nawo malonda! Chaka chimene dziko lathu linalandira ufulu, 1964, chimalembedwa MCMLXIV. Nambala 1888 imafuna zilembo 13, motere: MDCCCLXXXVIII. Nanga mutagula matumba XXIV, thumba lililonse lolemera makilogalamu XXXVII, mungachulukitse bwanji pa pepala? Yankho lake ndi DCCCLXXXVIII, ndiye kuti 888, koma kuti mulipeze ndi zilembo zimenezo dzuwa lingakulowereni. N'chifukwa chake Aroma eni ake ankawerengera pa thabwa ndi timiyala, n'kulemba yankho lokha.

Aarabu nawonso anali ndi njira zawo. Ena ankagwiritsa ntchito zilembo, Alif kuimira 1, Ba kuimira 2, Jim kuimira 3, Dal kuimira 4. Alembi ndi amalonda ambiri ankawerengera pa zala, n'kulemba nambala yonse m'mawu.

Kulemba m'mawuko ifenso tikukudziwa kutalika kwake. M'Chichewa tikafika pa zisanu timayambanso kuwonjezera, zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, ndipo Chitumbuka ndi Chiyao zimachitanso chimodzimodzi. Tsono 888 ija timati mazana asanu ndi atatu, makumi asanu ndi atatu, kudza mphambu zisanu ndi zitatu. Munthu wosamvetsera bwino akamva makumi asanu ndi atatu, amene ndi 80, angayese kuti ndi 53. Ndi chifukwa chake pa msika ambirife timangotchula mitengo m'Chingerezi.

BUKU LA MANAMBALA A KU INDIA

Ku India kunali njira ina yoposa zonsezi. Akatswiri a kumeneko ankagwiritsa ntchito zizindikiro zisanu ndi zinayi zokha, kudza chizindikiro cha malo opanda kanthu. Brahmagupta analemba malamulo owerengera ndi ziro m'chaka cha 628. Nzeru za Amwenye zinafika ku Baghdad m'nthawi ya al-Mansur, ndipo cha m'ma 825 al-Khwarizmi analemba buku lofotokoza njira imeneyi mwatsatanetsatane.

Chinsinsi chake ndi ichi: kukula kwa nambala kumadalira malo amene yakhala. Mu 888 muli 8 katatu, koma wa kumanja ndi zisanu ndi zitatu basi, wa pakati ndi makumi, wa kumanzere ndi mazana. Pamalo pamene palibe kanthu, al-Khwarizmi anaphunzitsa kuti pazilembedwa kachizindikiro kozungulira, kuti 205 asasokonezeke ndi 25. Aarabu ankati malo amenewo ndi sifr, kutanthauza chopanda kanthu, ndipo mawu akuti ziro anachokera pamenepo. M'bukumo anaonetsa kaphatikizidwe, kachotseredwe, kachulukitsidwe ndi kagawidwe ka manambala, sitepe ndi sitepe, kotero kuti munthu wamba atha kutsatira.

Tinene zoona, abale: al-Khwarizmi sanapange manambalawa, ndipo iye mwini anawatcha a ku India. Ulemu wake uli pakuti anaona chinthu chabwino kwa anthu a mtundu wina ndi chipembedzo china, anachiphunzira, anachikonza bwino, n'kuchipereka kwa ena osabisa kumene chinachokera. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Ana athu a ku madrassa azindikire kuti manambala amene ali pa masamba a Qur'an ndi amene amalemba ku sukulu ndi a banja limodzi. A mu Qur'an ndi kalembedwe ka maiko a kum'mawa, kumene ziro ndi kadontho ndipo 5 amaoneka wozungulira. A ku sukulu anachokera ku kalembedwe ka Asilamu a ku North Africa ndi ku Spain.

AL-JABR

Buku lake lodziwika koposa analilemba cha m'ma 820 ndi kulipereka kwa Khalifa al-Ma'mun. Dzina lake mwachidule ndi Al-Jabr wal-Muqabala. Mawu akuti al-jabr amatanthauza kubwezeretsa kapena kulumikiza chothyoka, monga fupa, ndipo al-muqabala ndi kulinganiza mbali ziwiri. Phunziro la algebra limene ana athu amalimbana nalo ku sekondale linatenga dzina kuchokera ku buku limeneli.

Titenge chitsanzo chathu. Mlimi wagulitsa matumba atatu a nyemba pa Jenda, walipira K5,000 ya galimoto, ndipo watsala ndi K55,000. Kodi thumba limodzi anagulitsa zingati? Choyamba timabwezeretsa chimene chinachoka: K55,000 kuphatikiza K5,000 ndi K60,000. Kumeneko ndiye al-jabr. Tikagawa patatu tipeza K20,000 pa thumba. Zikuoneka zapafupi, eti? Koma al-Khwarizmi anasonkhanitsa mafunso a mtundu umenewu ndi ena ovuta kwambiri, anawaika m'magulu asanu ndi limodzi, n'kupereka njira yoyankhira gulu lililonse pamodzi ndi zojambula zotsimikizira kuti njirayo ndi yoona.

Chodabwitsa n'chakuti m'buku lonseli munalibe x kapena y. Mafunso ndi mayankho, ngakhale manambala amene, anawalemba m'mawu, monga m'mene alembi a nthawi imeneyo anazolowerera. Mwambo wolemba nambala m'mawu sunathe mpaka lero. Pa kalata ya ngongole timalemba ndalama kawiri, m'manambala ndi m'mawu, pakuti munthu wachinyengo atha kuwonjezera ziro mmodzi pa K10,000 n'kusanduka K100,000, koma mawu savuta kuwagwira akasinthidwa.

MASAMU A CHUMA CHA MASIYE

Apa ndi pamene tikufuna kuti mumvetsetse, makolo athu. Al-Khwarizmi anafotokoza kumayambiriro kwa bukulo kuti cholinga chake chinali kuthandiza anthu pa zosowa zawo: kugawa chuma cha masiye, wasiya, milandu, malonda, kuyeza minda ndi kukumba ngalande. Pafupifupi theka la buku lonselo likukamba za wasiya ndi chuma cha womwalira. Ndiye kuti algebra anakulira pa ntchito ya Shariah.

Mu Surat An-Nisa, Allah anaika magawo a olowa chuma. Magawowo alipo asanu ndi limodzi: 1/2, 1/4, 1/8, 2/3, 1/3 ndi 1/6. Phunziro lake limatchedwa Faraidh, ndipo pakati pa maswahaba a Mtumiki Muhammad (S.A.W.), Zaid ibn Thabit (R.A.) ndi amene ankadziwika nalo kwambiri. Kuti magawo amenewa atuluke bwino, wogawa amafunafuna nambala imene manambala a pansiwo angalowemo popanda chotsala. Taonani 24: mumalowa 2, 3, 4, 6, 8 ndi 12, onse popanda chotsala. Pamene 13 salola kugawidwa ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iye mwini. Kudziwa manambala amene amalowa mwa anzawo ndiye fungulo la Faraidh.

Nachi chitsanzo. Bambo wamwalira, wasiya mkazi, mayi ake, bambo ake, mwana wamwamuna mmodzi ndi mwana wamkazi mmodzi. Choyamba timalipira za maliro, kenaka ngongole, kenaka wasiya, umene suyenera kupitirira 1/3 ya chumacho. Tinene kuti zatsala K720,000.

Mkazi alandira 1/8, mayi 1/6, bambo 1/6. Nambala yaing'ono imene 8 ndi 6 amalowamo ndi 24. Tikadula chumacho m'magawo 24, mkazi atenga 3, mayi 4, bambo 4, ndipo atsala 13 a ana. Mwana wamwamuna amalandira kawiri gawo la mlongo wake, kotero 13 uja ayenera kugawidwa patatu. Koma 3 salowa mu 13. Tsono timachulukitsa zonse ndi 3, ndipo magawo akhala 72. Mkazi atenga 9, mayi 12, bambo 12, mwana wamwamuna 26, mwana wamkazi 13. Gawo limodzi ndi K10,000, choncho mkazi alandira K90,000, mayi K120,000, bambo K120,000, mnyamata K260,000 ndipo mtsikana K130,000. Phatikizani nokha, mupeza K720,000, osatsala ngakhale tambala.

Mwaona? Achimwene ake a malemu, amene nthawi zambiri ndiwo amayamba kufika pa khomo kudzafunsa makiyi, pa nkhani imeneyi alibe gawo konse, pakuti pali mwana wamwamuna ndiponso bambo. Mkazi wamasiye ali ndi gawo lake, mtsikana ali ndi gawo lake, ndipo palibe amene angawalande popanda kuchimwira Allah.

NYENYEZI, MWEZI NDI MAPU

Al-Khwarizmi analembanso buku lotchedwa Zij al-Sindhind, m'mene munali ndandanda ya kayendedwe ka dzuwa, mwezi ndi nyenyezi, ndiponso za makalendala. Nzeru zotere Asilamu ankazifuna pofuna kudziwa nthawi za swala ndi mbali ya Qibla. Ife kuno ku Mzimba timayang'ana kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Chaka chathu cha Hijri, chimene kuwerenga kwake kunayambira mu 622, chili ndi masiku 354 kapena 355, ndipo n'chifukwa chake Eid imafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, nthawi zina kugwa m'dzinja, nthawi zina m'miyezi yozizira.

Cha m'ma 833 anamaliza buku la Surat al-Ard, kutanthauza Chithunzi cha Dziko. M'menemo anandandalika malo oposa 2,000, mizinda, mapiri, nyanja, zilumba ndi mitsinje, ndipo anakonza zina mwa zimene Ptolemy wa ku Alexandria analakwitsa. M'kope la bukuli limene likusungidwa ku Strasbourg, ku France, muli mapu a mtsinje wa Nile. Analembanso za kalendala ya Ayuda ndi za chipangizo choyezera nyenyezi chotchedwa astrolabe. Anamwalira cha m'ma 850.

M'MENE NTCHITO YAKE INAFIKIRA KWA IFE

Mabuku ake anayenda mpaka ku Spain, kumene kunali ulamuliro wa Asilamu, ndipo kumeneko Azungu anayamba kuwamasulira m'Chilatini. Adelard wa ku Bath anamasulira buku la nyenyezi mu 1126, ndipo Robert wa ku Chester anamasulira Al-Jabr mu 1145. Buku la manambala a ku India linatayika m'Chiarabu, koma linapulumuka m'Chilatini. Azungu polephera kutchula dzina lake analilemba kuti Algoritmi, ndipo pamenepo panachokera mawu akuti algorithm, amene lero akutanthauza ndondomeko imene kompyuta kapena foni imatsatira pogwira ntchito. Mukatumiza ndalama pa foni, dzina la Msilamu ameneyu lili momwemo.

Mnyamata wina wa ku Italy, Leonardo wa ku Pisa, amene amadziwika kuti Fibonacci, anaphunzira manambalawa mu mzinda wa Bugia, ku Algeria, kumene bambo ake ankagwira ntchito pakati pa amalonda. Mu 1202 analemba buku lotchedwa Liber Abaci lophunzitsa anthu a kwawo. Komabe kusintha kunatenga nthawi. Mu 1299 bungwe la osintha ndalama la ku Florence linaletsa manambala atsopanowa m'mabuku a malonda. Panapita zaka mazana angapo kuti manambala a Chiroma asiyidwe pa malonda ku Ulaya.

Kenaka manambala omwewo anafika kuno kwathu, ena kudzera m'madrassa a m'mbali mwa nyanja, ena kudzera m'sukulu za mishoni monga za Livingstonia ndi Embangweni. Lero ku Khiva, ku Uzbekistan, kuli chipilala chomukumbukira, dziko la Soviet Union linatulutsa sitampa ya chikumbutso chake mu 1983, ndipo chigwa china cha pa mwezi chinapatsidwa dzina lake.

PHUNZIRO KWA IFE

Choyamba, titumize ana ku sukulu ndi ku madrassa komwe, anyamata ndi atsikana. Tikudziwa kuti m'nthawi ya atsamunda makolo ambiri a Chisilamu ankaopa sukulu za mishoni poganiza kuti ana awo asiya chipembedzo, ndipo mantha amenewo anatisiya m'mbuyo. Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994, kotero chowiringula chatha. Mwana amene amati masamu ndi a Azungu, muuzeni za al-Khwarizmi. M'mera mpoyamba.

Chachiwiri, Zakaat ndi nsanamira ya Chisilamu ndipo siperekedwa mongoganizira. Pa ndalama ndi katundu wa malonda zimene zafika pa nisab n'kutha chaka, timapereka gawo limodzi mwa magawo 40, ndiye kuti K25,000 pa K1,000,000. Pa mbewu za mvula ndi 1/10, pa zothirira ndi mphamvu zathu ndi 1/20. Amene ali ndi mbuzi 40 amapereka mbuzi imodzi, ndipo wa ng'ombe 30 amapereka mwana wa ng'ombe wa chaka chimodzi. Kuno kwathu kumene makola a ng'ombe ali ponseponse, nkhani imeneyi si yakutali.

Chachitatu, tileke kulanda chuma cha masiye. Ambiri mwa ana athu ali ku Joni, akutumiza ndalama zomangira nyumba ndi kugulira ziweto. Imfa ikabwera, mkazi ndi ana ndiwo amayamba kuvutika pamene achibale akukangana. Lamulo la dziko lathu la chaka cha 2011 lokhudza chuma cha anthu omwalira linaika kulanda chuma cha masiye kukhala mlandu, ndipo Shariah inaletsa zimenezi kalekale. Lembani wasiya mukadali ndi moyo, pamaso pa mboni. Lembani ngongole zanu, m'manambala ndi m'mawu. Maliro akachitika, musathamangire kugawana. Itanani Shehe wodziwa Faraidh, funsaninso odziwa malamulo a boma, mukhale pansi ndi pepala ndi cholembera, mayi wamasiye ali pomwepo.

Al-Khwarizmi anasiya chuma chimene sichinathe pogawidwa, pakuti mibadwo yoposa 40 yadyapo ndipo chikadalipo. Tikupempha Allah kuti amukhululukire zolakwa zake, amulipire pa maphunziro opindulitsa amene anasiya, ndipo adzutse pakati pa ana athu a ku Mzimba ena odzatsata mapazi ake. Atipatse tonse chilungamo pa sikelo, pa ngongole ndi pa chuma cha ana amasiye. Ameen.

 

Komiti ya Mzikiti